Zenera la M'chikuta

Zerihun anali atalowetsa kale theka la chibotolo cha gasi pakhomo pamene Endale anachiponda ndi phazi.

"Ichi sichilowa m'nyumba mwanga."

"Chotsani mwendowo alamu, mungathyoke," anatero Zerihun akumwetulira.

Zerihun anali mchimwene wake wa Tiruwork, mkazi wa Endale. Anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Addis Ababa atavala jekete lachikopa, atanyamula mbaula yowothera ya gasi kuti ndiyo mphatso ya mwana wobadwa kumene. Munthuyu ankamwetulira ngakhale potukwana, ndipo Endale ankadana nako kumwetulirako kuposa matukwano enieniwo.

"Mbaula ilimo kale. Ndinagula ya magetsi."

"Ndaiona, yokongola zedi. Mawaya awiri ofiira psuu ngati maso a chidakwa. Nanga magetsi a kuno ku Debre Berhan akapita kokacheza kwa abale awo, mwana aziwotha chiyani? Kukongolako?"

Inali nyengo ya mvula, pamene kuzizira kwa tauniyo kumalowa mpaka m'mano. Tiruwork anali m'chikuta kuchipinda chamkati, ali ndi khanda lake lalikazi komanso amayi ake, Emama Aselefech, amene anabwera kudzamusamalira mpaka masiku makumi anayi atakwana. Mayiwo anali atatseka chipindacho ngati mtsuko wa uchi. Pazenera anapachika bulangete, m'ming'alu anatsendera nsanza, ndipo pansi pa matiresi anaika mpeni, monga mwa mwambo. Kwa iwo mdani wamkulu wa mayi wa m'chikuta anali mphepo. Ikangomumenya pamsana kapena kumenya mwana paliwombo, basi zatha.

Nkhani ya mphepoyi inali chilonda m'banjamo. Chaka chathachi Endale ndi Tiruwork anaika m'manda mwana wawo woyamba, wamwamuna, amene anamwalira ndi chibayo asanathe mwezi. Emama Aselefech ankati mlandu ndi wa Endale, chifukwa tsiku lina anatsegula zenera kuti utsi wa lubani utuluke. Endale ankati mwanayo anazizidwa magetsi atazima masiku angapo. Chilungamo chake palibe ankachidziwa, koma aliyense ankagona ndi chake mumtima.

Emama Aselefech anasuzumira pachitseko cha chipinda, atafunda gabi, chinsalu chochindikala cha thonje, mpaka kumphuno.

"Phokoso lanji pakhomo pa mwana wakhanda? Endale, mwana wanga wasenza katundu ulendo wonsewu, iwe n'kumamupondera?"

"Amayi, chinthu ichi chimadya mpweya. Chikayaka, pamafunika zenera likhale lotsegula. Inu zenera simutsegula. Ine ndinanyamulapo m'bajaji yanga ya matayala atatu ija atsikana awiri a sukulu amene anagona ndi moto atadzitsekera. Mmodzi tinafika naye kuchipatala atazizira kale."

"Amenewo anali makala," anatero Zerihun. "Iyi ndi gasi, alamu. Ku Addis anthu akuwotha zomwezi. Kuyendetsa bajaji kusakusandutseni dokotala."

"Makala kapena gasi, moto ndi moto. Ngati mukuti ilowe, zenera litseguke."

Emama Aselefech anaomba m'manja kamodzi. "Mwamumva? Zenera! Mariya Woyera, munthu uyu ndi zenera!"

Zerihun anasiya botolo lija n'kuwongoka. Kumwetulira kunali pomwepo.

"Mukufunanso kutsegula zenera, alamu? Manda amodzi aja sanakukwanireni?"

Endale sanadziwe nthawi imene dzanja lake linanyamuka. Anangomva phaa, ndipo Zerihun anagwera pathebulo, timakapu ta khofi n'kumwazika pansi. Endale anamudumphira, kumugwira pakhosi pa jekete lija n'kumuwombetsa mutu kukhoma. Zerihun anamukwapula bondo m'mimba, onse awiri n'kugubuduzikira panja m'matope. Endale anakhala pamwamba. Anamenya pakamwa pomwetulira paja kawiri, katatu, mpaka nkhonya yake inang'ambika ndi mano. Emama Aselefech ankakuwa akumuswa Endale pamsana ndi mthiko wa phala, ndipo kuchipinda khanda linayamba kulira.

Amene anawaleretsa anali Gash Mekuria, mwini wake wa nyumba zonse za mumpandamo, nkhalamba yaitali yoyenda ndi ndodo. Anyamata awiri a nyumba zoyandikana anamukoka Endale m'mikono. Zerihun anadzuka akulavula magazi, dzino limodzi lili m'dzanja.

"Manyazi mulibe?" anatero Gash Mekuria. "Mkazi ali m'chikuta, inu mukuphana pakhomo pake ngati atambala. Endale, walakwa ndiwe, wayamba kumenya. Mwala uwo uli apowo. Usenze paphewa, ugwade, upepese mlamu wako monga timachitira, nkhani ithere pompano."

Endale anayang'ana mwalawo. Unali wakuda, wa pafupi ndi mpopi, umene amayi ankachapirapo. Kusenza mwala n'kugwada pamaso pa munthu amene wangomutchulira manda a mwana wake! Mtima unamuwawa mpaka misozi inalengeza.

"Ndisenze mwala ine? Asenze iyeyo. Mwamva zimene wanena?"

"Ndamva, ndipo pakamwa pake palipira kale. Usenza kapena ayi?"

"Sindisenza."

"Ndiye tuluka mumpanda muno. Ubwere mawa akuluakulu akakhala pansi. Sindikufuna maliro pakhomo panga. Mbaula yako ya magetsiyo iziyaka, botololi likhale pabalaza. Ndatha."

Tiruwork sanatuluke, pakuti mayi wa m'chikuta saponda panja. Endale anangomva mawu ake otopa kuseri kwa chitseko. "Pitani, Endale. Chonde ingopitani."

Anakwera bajaji yake n'kuchoka ndi liwiro lothamangitsa nkhuku. Anayesa kunyamula anthu, koma dzanja linali litatupa ndipo mayi wina anatsika panjira ataona magazi pamalaya. Masana anakaima panyumba ina yogulitsa areke, kachasu wa kumeneko, n'kukhala pakona pafupi ndi wailesi yakanema. Anamwa kagalasi kamodzi kuti dzanja lileke kupweteka, kachiwiri kuti mtima uleke kupweteka. Palibe chinaleka.

"Wakumana ndi khoma lanji lero, Endale?" anafunsa mayi wogulitsa, akuyang'ana nkhonyayo.

"Khoma la ku Addis."

"Mlamu? Iii, mwana iwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamenya mlamu, waswa mkazi."

Kunja kunada bii, kenako matalala anayamba kugwa pamalata ngati wina akukhuthula miyala. Kuzizira kunalowa pansi pa chitseko. Anthu anakoka magabi awo, n'kupitiriza kuonera mpira. Posakhalitsa kanemayo anangoti thi, babu nalo n'kuzima.

"Apita!" anakuwa wina, ndipo onse anaseka. "Pitani bwino magetsi, mupereke moni kumene mukupitako!"

Nayenso Endale anaseka pang'ono. Anakhalabe pamenepo nthawi yaitali ndithu, akudikira kuti matalala adule, maganizo ali pa mawu a Zerihun ndi zimene akanamuyankha. Ndi pamene mayi wogulitsa uja anabweretsa mbaula ya makala pakati pa nyumba, n'kukankha chitseko kuti chitseguke pang'ono, m'pamene mutu wake unabwerera kunyumba. Magetsi azima kalekale. Kwazizira chonchi. Botolo lili pabalaza, ndipo pabalazapo palibe munthu woletsa.

Anadzuka mpando n'kugwa.

Bajaji inkaterereka pamatalala, koma sanachepetse liwiro. Atafika anapeza geti la malata lili lokhoma. Anagogoda ndi manja onse awiri, kenako anatenga sipanala ya matayala pansi pa mpando n'kuyamba kumenya nayo getilo. Amene anatsegula anali mmodzi wa anyamata aja, ndipo atangoona chitsulocho anakuwa.

"Gash Mekuria! Wabweranso! Ali ndi chitsulo!"

Anthu anatuluka m'nyumba zawo. Zerihun anatulukira kuchokera kwa Gash Mekuria kumene ankapumula, milomo itatupa ngati buledi. Endale anayang'ana kunyumba kwake. Chitseko chinali chotseka, ndipo pansi pake panali patatsenderedwa chiguduli.

"Botolo lija lili kuti?"

"Lili kumene likugwira ntchito," anatero Zerihun movutikira. "Ndawayatsira ndekha. Mwana akufunda bwino, mawaya anu atagona."

"Nthawi yanji?"

"Magetsi atangozima. Vuto n'chiyani?"

"Alipo watulukamo chiyambire?"

"Atuluke kukatani, matalala onsewa?" anatero Gash Mekuria, akubwera ndi ndodo yake. Anaima pafupi n'kununkhiza. "Areke! Wakamwa kuti udzamalize zimene unayamba. Ndinati mawa. Siya chitsulocho."

"Gash Mekuria, chonde, ingotsegulani chitseko icho muone. Ngati ali bwino ndibwerera."

"Akugona. Mayi wa m'chikuta asagone chifukwa cha iwe? Mugwireni!"

Zoona wamisala anaona nkhondo, koma ndani akanamvera munthu wonunkha mowa, wa magazi pamalaya, chitsulo chili m'manja? M'mawa womwewo Endale anali atawaphunzitsa yekha anthuwa kuti iye ndi wotani, ndipo phunzirolo analimva bwino.

Anyamata awiri aja anamugwera. Endale anamenya mmodzi ndi mutu pamphuno, magazi n'kuthovoka. Gash Mekuria anamugwira malaya kumbuyo, ndipo Endale, osayang'ana n'komwe, anabweza chigongono. Nkhalambayo inagwa chagada pamatalala, ikugwira nthiti. Amayi anakuwa. Zerihun anathamangira kudzaima pakhomo atatambasula manja.

"Mlongo wanga simumukhudza! Muphe ine kaye!"

"Choka!"

"Sindichoka!"

Sipanala inatsika pamkono wa Zerihun, ndipo kulira kwa fupa kunamveka mpanda wonse. Nthawi yomweyo wina anatola ndodo ya Gash Mekuria n'kumukong'ontha nayo Endale kunkhongo. Dziko linazungulira. Anagwada m'matope, magazi ofunda akutsikira m'khosi, anthu atatu ali pamsana pake. Chitseko chinali chapafupi, koma anadziwa kuti safikapo. Anasolola dzanja lamanja, n'kuponya sipanala ija ndi mphamvu zonse zimene zinatsala.

Inakamenya zenera la chipinda. Galasi linasweka lonse, bulangete lija n'kugwera mkati.

"Wapha mwana!" anakuwa mayi wina. "Mphepo! Watsegulira mphepo!"

Kenako onse anadikira mkuwo wa Emama Aselefech. Mayi amene ankatukwana mphaka akangodutsa pakhomo, lero galasi lamuswekera pamutu. Anadikira kulira kwa khanda, limene linkadzidzimuka ndi supuni ikagwa. M'chipindamo munali zii. Ankangomveka matalala otsiriza akugwa padenga.

Manja amene anamupanikiza Endale anayamba kumasuka okha.

"Emama?" anaitana Zerihun, atagwira mkono wake wolendewera. "Tiru? Tiruwork!"

Palibe anayankha. Anali Zerihun yemweyo amene anatembenuka n'kumenya chitseko ndi phazi mpaka loko anazuka. Chitseko chamkati chinali chotsekedwa ndi mpiringidzo, ndipo anachigwetsa ndi mapewa, iye ndi Endale pamodzi.

M'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni. Fungo la gasi munalibe, munkangomveka lubani ndi khofi. Tsoka silinunkha. Mbaula ya gasi inkayaka lawi lachikasu lofooka, ndipo pambali pake panali kambaula ka makala kamene Emama Aselefech anaphikirapo khofi. Mayiwo anali atagwa chammbali pafupi ndi timakapu, atasanza. Tiruwork anali pabedi, maso ali otseguka pang'ono koma osaona kanthu. Khanda linali pachifuwa pake, bere litapulumuka mkamwa, timanja tili lende.

Endale analinyamula n'kuthamangira nalo panja, pamvula. Analivula nsalu zonse.

"Mufunditseni! Mphepo imumenya!" anakuwa amayi aja, wina akuthamanga ndi gabi.

"Imumenye!" anabangula Endale. "Imumenye mphepoyo! Tulutsani enawo!"

Anamusisita mwanayo pamsana ndi dzanja lake lotupa lija. Anamuuzira mpweya mkamwa monga anaonera anamwino akuchitira tsiku la atsikana a sukulu aja. Magazi a kumutu kwake ankadonthera pamimba pa mwanayo, mvula n'kumatsuka. Ankalankhula naye, osadziwa n'komwe zimene akunena. "Iwe ayi. Mchimwene wako anapita, iwe ayi. Ndakupempha, mayi wanga, iwe ayi."

Kamwendo kanagwedezeka. Kenako kanamveka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, ndipo kanakula mpaka kukhala kulira. Endale analira nayenso, mokweza, pamaso pa anthu onse amene anali atangowamenya.

Anawanyamula onse m'bajaji, Tiruwork atatsamira mchimwene wake, Emama Aselefech atagonekedwa pamiyendo ya mayi woyandikana nawo amene anafukatanso khanda. Zerihun sanadandaule za mkono njira yonse. Ankangoti, "Thamangani alamu, thamangani."

Kuchipatala anawagoneka masiku angapo, ndipo onse atatu anatuluka amoyo. Zerihun anamuika pulasitala. Gash Mekuria anapezeka ndi nthiti yosweka, ndipo anakana kupita kupolisi, koma anakananso kumva dzina la Endale m'nyumba mwake.

Tsiku lobwerera kunyumba kunali kamphepo. Endale anali atasesa magalasi, atakonza zitseko, botolo la gasi atalitulutsa kuseri. Zenera analisiya chomwecho. Magetsi anali atabwera, ndipo mawaya awiri aja ankayaka pakona. Emama Aselefech analowa akuyenda mogwira khoma. Atangoona bowolo, anavula gabi wawo n'kuyamba kulitsendera pazenerapo.

"Mwana wanga watulutsidwa panja masiku asanakwane, mvula yamunyowetsa, anthu onse amuona," ankang'ung'udza. "Tsopano agonenso pamphepo?"

Tiruwork anagoneka mwana pabedi. Anapita pazenera, n'kugwira dzanja la amayi ake mofatsa.

"Amayi, siyani."

"Ukudziwa chiyani iwe? Ine ndabereka asanu ndi..."

"Ndikudziwa kuti ndinkamva mwana akuleka kuyamwa, ine osatha kukweza ngakhale chala. Ndinkakuonani mukugwa. Mphepo yandimenya pabwalo apo, yandimenyanso m'bajaji njira yonse, ndipo ndili moyo. Zenerali likhala chonchi. Akadzaika galasi, lizitseguka."

Anasolola gabi uja n'kuwafunditsa amayi ake m'mapewa. Mayiwo anatsegula pakamwa, n'kupumira m'mwamba, kenako anakhala pansi akupukuta m'maso.

Endale anali ataima pakhomo la chipinda, mutu uli m'bandeji. Anamva kukoma mumtima, ndipo kukomako kunafika pankhope. Tiruwork anakuona.

"Musasekerere, bambo a mwana."

"Sindikuseka. Koma ndinanena ine. Ndinanena m'mawa muja kuti..."

"Munanena, eya. Nanga magetsi atazima munali kuti?"

Endale anayang'ana pansi.

"Mukanasenza mwala uja, bwenzi muli pabalaza apa. Botolo silikanalowa. Likanalowa, mukanatsegula chitsekochi ndi dzanja, osathyola munthu. Amene anakutulutsani m'nyumba muno si Gash Mekuria, ndi nkhonya yanuyo. Munali ndi chilungamo, inu n'kukachisiya m'kamwa mwa achimwene pamodzi ndi dzino lawo. Mwana wanga akanafa inu mukunena zoona kumowa."

Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake anapweteka kuposa ndodo ija. Endale anafuna kutchula za manda, za mawu a Zerihun, koma anaona kuti mkazi wake nayenso anawamva mawuwo ali kuseri kwa chitseko, ndipo manda aja anali akenso. Koma Tiruwork sanamenye munthu.

Anatuluka. Pabwalo panali amayi awiri akuchapa, ndipo atamuona anasiya kuchapako. Anapita pampopi, anawerama, n'kuzula mwala wakuda uja m'matope. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera. Anausenza paphewa, madzi a sopo akutsikira m'malaya, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse mpaka pakhomo pa Gash Mekuria. Mkatimo nkhalambayo inali chigonere pamphasa, ndipo Zerihun anali pampando, mkono uli pachifuwa.

Endale anagwada pakhomopo mwala uli paphewa, n'kuweramitsa mutu. Palibe anafulumira kumuuza kuti adzuke. Kumbuyo kwake, kudzera pazenera losweka lija, mwana wake ankamveka akulirira bere.